Kodi Janet Baker amamutamandira chiyani kwenikweni?

TenalaWotopa
Akuluakulu a pagulu pano ndithandizeni, mwina vuto ndi makutu angawa. Kuno ku Leicester ndagula CD ya nyimbo za Edward Elgar, wopeka nyimbo wa ku England, m'sitolo ya zinthu zakale. Koyambirira Jacqueline du Pré akuliza cello, kenako mayi wina, Janet Baker, akuimba Sea Pictures. Cello ija yandifika pamtima, sindikana. Koma mayiyu ndiye sindikumumvetsa. Paliponse pamene ndawerenga akumutamanda ngati ku Britain kulibenso wina anatsegulapo pakamwa. Mawu ndi abwino inde, koma sakwera m'mwamba moti tsitsi n'kuima, komanso si aakulu. Ndiye olemba za nyimbo m'manyuzipepalawa amamva chiyani chimene ine sindikumva? Kapena ndi zongokwezana okhaokha?

Besi_wa_Ndirande
Vuto lanu achimwene ndinu atenala. Tenala akapanda kumva munthu akukuwa amati nyimbo sinayambe.

TenalaWotopa
Inu a Besi musayambe. Ndafunsa bwinobwino.

AltoWachiwiri
Achimwene, mwayamba ndi chimbale chabwino, koma mukufuna chinthu chimene mulibemo. Janet Baker ndi mezzo-soprano, mawu apakati, pansi pa sopulano koma pamwamba pa alto wozama uja. Ku kwaya kwathu akanaima ndi ife a alto, ndipo tsiku lina akwayamasitala akanamubwereka kukathandiza asopulano. Munthu wotere simumuyesa ndi noti yam'mwamba.

Chimbalecho anajambula mu Ogasiti 1965, London Symphony Orchestra ikutsogoleredwa ndi John Barbirolli. Bwererani ku nyimbo yachinayi, Where Corals Lie. Musawerenge kapepala ka m'katimo, ingotsekani maso. Liwu lililonse la Chingerezi mulimva, mpaka zilembo zotsiriza zimene ambiri amameza. Kenako mvetserani akamatsitsa mawu. Oimba ambiri akatsitsa mawu mpweya umayamba kutuluka pambali, noti n'kutsika pang'ono. Iye amatsitsa mpaka kutsala kaulusi, koma kaulusiko kali pa noti penipeni ndipo kakupitabe kutsogolo. Aliyense amene anaimbapo amadziwa kuti chovuta n'chimenecho, kukuwa aliyense angathe.

Mlendo265
Zonsezo ndi za mu situdiyo. Pali maikolofoni, pali kudula tepi n'kulumikiza. Ngakhale ine atandijambula kakhumi n'kusankha zabwino zokhazokha mungandigule.

AltoWachiwiri
Sitingakuguleni. Kulumikiza tepi kunalipo, n'zoona, koma mu opera mulibe maikolofoni othandiza woimba. Mayiyu ankaimba ku London Coliseum, nyumba ya mipando yoposa 2,300, okestra ili patsogolo pake, anthu akumbuyo n'kumamva. Palinso zojambulidwa pa konsati, anthu akutsokomola momwemo. Fufuzani Das Lied von der Erde ya Mahler imene anaimba ku Munich mu 1970 ndi Rafael Kubelik. Pamenepo panalibe zoti tiyambirenso.

GogoSolfa
Ana anga, ndalowa mochedwa, magetsi anathima kuno ku Zomba. Ine ndaphunzitsa kwaya ya mpingo kuyambira ambiri a inu musanabadwe, ndipo ndikuuzeni kuti mwana wa ku Leicesteryu wafunsa funso labwino. Si kulakwa kusamva kanthu ulendo woyamba.

Ine mayi ameneyu ndinayamba kuwamva pa wailesi ya BBC, kalekale, mawu akubwera n'kumachokanso. Imene inandigwira ndi nyimbo ya Dido, mu opera ya Henry Purcell yotchedwa Dido and Aeneas. Opera yakale zedi, inaseweredwa pa sukulu ya atsikana ku Chelsea mu 1689. Mfumukazi ya ku Carthage yasiyidwa ndi mwamuna, ikutsanzika kuti ikafe. Mukamvetsera besi yake, ikungotsika pang'onopang'ono, n'kubwereranso pamwamba, n'kutsikanso chimodzimodzi mpaka nyimbo kutha. Besi sasintha. Ndiye ntchito yonse ili kwa woimba pamwambapo. Mayi Baker anajambula nyimboyi mu 1961 ndi Anthony Lewis, ali ndi zaka 28 zokha, ndipo mpaka lero anthu akamakamba za Dido amayambira pamenepo.

Chimene chilipo n'choti salira. Mukudziwa pamaliro pali wolira wogubuduka, aliyense n'kumamugwira, ndiye pali mayi wina wangokhala pakona, nsalu kumutu, akuimba nyimbo ya m'buku motsitsa osagwetsa msozi. Amene amakuliza ndi wachiwiriyu. Kuimba kwa mayi Baker n'kotero.

Besi_wa_Ndirande
Mwamva? Besi sasintha. Agogo anena okha. Ife ndife maziko.

NaPhiri_Joni
Maziko ogona pa pulakatisi.

TenalaWotopa
Agogo zikomo. Ndaipeza pa YouTube ya Dido ija. Iyi ndiye yandilowa kusiyana ndi ya Elgar. Pali pena akubwereza mawu amodzimodzi, koyamba motsitsa, kachiwiri mawu akutseguka mwadzidzidzi. Ndabwereza pamenepo. Komabe funso langa lidakalipo. Ngati anali wamkulu chonchi, bwanji sindikumuona pa ma opera otchuka aja, Carmen, Aida? Bwanji ku Met, nyumba yaikulu ya opera ya ku New York, kulibe dzina lake?

Mlendo265
Eya, pamenepo. Katswiri wa mpira woti sanasewerepo kunja. Amangomenya ligi ya kwawo.

MwanaWaPiyano
Ayi, apa tisiyanitse zinthu ziwiri. Opera ya pa siteji ankaimba makamaka kwawo: Glyndebourne, Covent Garden, Scottish Opera, English National Opera, ndi gulu la wopeka nyimbo Benjamin Britten la ku Aldeburgh. Ku Met sanaimbeko opera, n'zoona. Koma makonsati, ndi kuimba yekha ndi piyano, anazungulira nazo maiko. Ku New York anaimba koyamba yekha mu 1966 ku Town Hall ndipo olemba nyuzipepala anamulandira ndi manja awiri, kenako anakhala akubwererako chaka ndi chaka, Carnegie Hall n'kumadzaza.

Opera imafuna kuti ukhale malo amodzi masabata ambiri ukukonzekera. Nyumba zazikulu zina woimba amangofika ndi ndege, kuyesa zovala, kuimba, kunyamuka. Iye zimenezo sankazifuna, ankafuna anthu odziwana nawo ndi nthawi yokwanira yokonzekera. Munthu akhoza kunena kuti anadzimana, koma kunena kuti kunja sankamudziwa ndi bodza.

Za Carmen ndi Aida: mawu a mezzo si a mtundu umodzi. Amneris wa mu Aida amafuna mawu olemera, otha kudutsa malipenga onse aja. Iye mawu ake anali a Purcell, Handel, Gluck, Monteverdi, Berlioz, Mahler, Schubert, Britten. Anadziwa munda wake.

KwaChipata
Moni abale kuchokera kuno ku Zambia. Ine ndiima pakati. Ndili ndi Requiem ya Verdi imene Georg Solti anajambula ku Chicago mu 1977, Leontyne Price sopulano, Janet Baker mezzo. Kunena zoona m'menemo sindimukonda kwambiri. Akuimba mwaulemu, mosamala, koma nyimbo ija imafuna munthu woopsa, wa mawu a pachifuwa. Ukamva Price akutsegula, mnzakeyo amamveka ngati mlendo woitanidwa. Ndiye tisanene kuti chilichonse chimene anagwira chinasanduka golide.

AltoWachiwiri
Pamenepo sindikutsutsani achimwene. Ine ndimakonda mmene anaimbira Liber scriptus m'menemo, koma ndikumva zimene mukunena. Ngakhale olemba za nyimbo amene ankamukonda, ena ankadandaula kuti m'zaka zakumapeto ankakometsera kwambiri liwu lililonse, mpaka nyimbo yosavuta n'kulemera. Si onse ankangoomba m'manja.

Mlendo265
Komabe ndibwerere pa mfundo yanga. Anthu amenewa amapatsana mamendulo okhaokha. Dame uyu, Sir uyu. Wakuda akanaimba chimodzimodzi akanamutchula n'komwe?

NaPhiri_Joni
Tsankho linalipo, palibe angakane. Marian Anderson, woimba wakuda wa ku America, anamukaniza holo ku Washington mu 1939 chifukwa cha khungu, mpaka anakaimbira panja pa Lincoln Memorial. Ku Met analowa mu 1955, mawu atayamba kale kutha mphamvu. Koma musaiwale kuti m'nthawi ya Baker yomweyo kunali Grace Bumbry, amene mu 1961 anakhala wakuda woyamba kuimba ku Bayreuth, kwawo kwa Wagner, anthu ena atachita phokoso kuti asaimbe. Kunalinso Shirley Verrett. Awiriwa anali ma mezzo, ndipo Carmen ndi Amneris amene a Tenala akufuna aja ndi amene ankaimba. Ndiye kutamanda Baker sikulanda kanthu kwa iwo, ntchito zawo zinali zosiyana.

Kuno ku Joni tinali ndi wathu, malemu Sibongile Khumalo, anamwalira mu 2021. Mezzo weniweni. Anaimba Princess Magogo, opera ya m'Chizulu ya Mzilikazi Khumalo, ku Durban mu 2002, komanso jazi ankaimba. Ndinamumva maso ndi maso, ndipo chimene a Alto akunena cha kutsitsa mawu holo yonse n'kukhala zii, mayi uja analinso nacho.

Besi_wa_Ndirande
Chemwali mwafika ku Joni kale? Tinali ku Leicester.

NaPhiri_Joni
Basi ya ku Joni siyidikira munthu.

MwanaWaPiyano
A Mlendo, mamendulo tiwasiye. Inde anapatsidwa CBE mu 1970, udame mu 1976, Companion of Honour mu 1994, koma zimenezo amapereka ndi boma ndipo mukhoza kuzikayikira. Umboni umene ine ndimaukhulupirira ndi wa opeka nyimbo, chifukwa munthu sapatsa ntchito yake ya miyezi yambiri kwa woimba amene samudalira.

Britten anamulembera mbali ya Kate mu Owen Wingrave, opera ya pa TV ya mu 1971. Kenako mu 1975, atadwala kale mtima, opaleshoni ya mu 1973 itamufooketsa dzanja lamanja, anamumva akuimba Les nuits d'été ya Berlioz ku Aldeburgh, n'kumulembera Phaedra. Ndi nyimbo ya mphindi pafupifupi 15, mayi mmodzi yekha, zoimbira za zingwe, ng'oma ndi harpsichord (choimbira chakale chonga piyano). Inaimbidwa koyamba mu Juni 1976, Britten n'kumwalira Disembala chaka chomwecho. Tangoganizani, munthu akudziwa kuti mphamvu zatsala zochepa, zochepazo n'kuzipereka kwa mayiyu.

Ku America, Dominick Argento anamulembera From the Diary of Virginia Woolf, anaimba koyamba ku Minneapolis mu 1975 ndi Martin Isepp pa piyano, ndipo nyimbozo zinapata mphoto ya Pulitzer chaka chomwecho. William Walton naye anatsitsa mbali ya Cressida mu opera yake Troilus and Cressida, imene poyamba inali ya sopulano, kuti Baker aimbe ku Covent Garden mu 1976.

KwaChipata
Ya Walton ija musaiwerengere kwambiri. Pambuyo pake anthu anabwerera ku ya sopulano, ambiri amati kutsitsa kuja kunaichotsa moto. Koma ya Britten ndavomera.

TenalaWotopa
Phaedra ameneyu nkhani yake ndi yotani?

MwanaWaPiyano
Nthano ya Agiriki. Mkazi wa mfumu Theseus wagwa m'chikondi ndi Hippolytus, mwana wa mwamuna wake wa kwa mkazi wina. Mnyamatayo akukana, zinthu zikuipa, mayiyo akumwa poizoni n'kuulula zonse asanafe.

Besi_wa_Ndirande
Iyi ndiye ya kubwalo la amfumu. Mbuzi ziwiri ndi nkhuku, nkhani yatha, poizoni wa chiyani.

Mai_a_Mapasa
Ine ndimangowerenga pagulu pano, sindilemba kawirikawiri, koma lero ndilembe. Za manoti sindidziwa. Mwana wanga woyamba atatisiya, miyezi inadutsa ndisakufuna nyimbo iliyonse, ngakhale za kutchalitchi, chifukwa zonse zinkandiuza kuti ndisalire. Mnzanga wina wa kuntchito kuno ku Leeds anandipatsa CD ya Mahler, Kindertotenlieder, Janet Baker ndi Barbirolli yemwe uja, ya mu 1967 ndi okestra ya Hallé. Anandifotokozera kuti ndakatulo zake analemba Friedrich Rückert ana ake awiri atamwalira motsatizana, analemba zoposa 400, Mahler n'kusankhapo zisanu. Chijeremani sindimva. Koma pali imodzi imene kholo likudzinamiza kuti anawo angopita kokayenda, abwera posachedwa. Mayi uja amaiimba mopepuka, ngati akukhulupiriradi, ndipo n'chimene ndinkachita ine pakhomo madzulo alionse. Sanandiuze kuti ndisalire. Ndiye akamamutamanda ine sindidabwa.

GogoSolfa
Pepani mayi. Mulungu akutonthozeni. Mwanena zimene ife odziwa manoti timalephera kunena.

NaPhiri_Joni
Pepani kwambiri achemwali.

AltoWachiwiri
Pepani mayi a Mapasa. Ndiwonjezere kamodzi kokha. Baker mwiniwake mchimwene wake wamkulu anamwalira iye ali ndi zaka 10, ndipo wakhala akunena poyera kuti imfa imeneyo inasintha banja lawo lonse ndi kaimbidwe kake. Anakambanso zimenezi mu filimu ya BBC ya mu 2019 imene John Bridcut anakonza. Mahler nayenso, atamaliza nyimbozo mu 1904, mwana wake Maria anamwalira mu 1907.

Mlendo265
Pepani mayi. Apa sindiyankha kanthu.

Adimini
Zikomo nonse polemekezana. Tipitirize, koma a Besi nthabwala muziona pozigwetsera.

TenalaWotopa
Ndasaka zithunzi zake ndapeza china atavala zankhondo ngati mwamuna, lupanga m'chiuno. Zimenezi ndiye ziti?

MwanaWaPiyano
Ameneyo ndi Julius Caesar wa Handel, English National Opera, 1979, Charles Mackerras akutsogolera. Handel analemba mbaliyo mu 1724 kuti aimbe Senesino, mmodzi wa amuna aja ankawafula ali ana kuti mawu asasinthe. Mchitidwe woipawo utatha, mbali zimenezo zinagwera akazi a mawu apakati, masiku ano amaimbanso ma countertenor, amuna oimba mawu okwera ngati a alto. Ndiye mezzo amakhala mfumu, msilikali, mnyamata wachikondi. Baker anaimbanso Orfeo wa Gluck ndi Octavian wa Richard Strauss, onse amuna.

NaPhiri_Joni
1979? Mayi akuyenda ndi buluku ndi lupanga pa siteji ku London, kwathu amayi athu akanamangidwa nalo bulukulo. Lamulo la kavalidwe lija la 1973.

GogoSolfa
Musandikumbutse mwana wanga. Alendo achikazi ankafika pa Chileka atavala buluku n'kuuzidwa kuti apeze chitenje kaye. Julius Caesar ameneyu akanalowa m'dziko muno atamanga chitenje.

Besi_wa_Ndirande
Agogo ndiye mwaposa ine.

KwaChipata
Chimene chimandisangalatsa pa Caesar ameneyo n'choti anaimba m'Chingerezi, osati m'Chitaliyana. English National Opera ndi mwambo wawo umenewo. Mary Stuart ya Donizetti mu 1973 chimodzimodzi. Ena amanyoza, amati opera ya Chitaliyana iimbidwe m'Chitaliyana basi. Koma woimba amene mphamvu yake ili pa mawu omveka, kuimbira anthu m'chilankhulo chawo n'kumene kumamuonetsa bwino. Pamene Mary akunyoza mfumukazi Elizabeth pamaso, anthu m'holo ankamva chipongwe chilichonse nthawi yomweyo.

AltoWachiwiri
Komatu musamutsekere m'Chingerezi. Schubert, Schumann, Brahms, Wolf ankaimba m'Chijeremani, ndi Gerald Moore pa piyano, pambuyo pake Geoffrey Parsons. Berlioz, Fauré, Duparc m'Chifalansa. Ku Glyndebourne La Calisto ya Cavalli mu 1970 ndi Penelope wa Monteverdi mu 1972 anaimba m'Chitaliyana, ndi Raymond Leppard. Ndipo ine ndikati ndisankhe, kuimba kwake ndi piyano yokha ndiko ndimakuika pamwamba kuposa opera. Palibe chovala, palibe chobisalira. Nyimbo ya mphindi zitatu, uyenera kumanga munthu wathunthu n'kumumaliza.

MwanaWaPiyano
Leppard ameneyo masiku ano akatswiri a nyimbo zakale amamunena kuti ankadzaza zoimbira zambiri, kuposa mmene Cavalli ndi Monteverdi analembera. Mukamva magulu a masiku ano a zoimbira zakale, nyimbo zomwezo zimamveka zopepuka, zothamanga. Ndiye achinyamata ena akamva za Baker amati n'zachikale. Ine ndimati okestra ndi imene yakalamba, kuimba kwake ayi.

Mlendo265
Nanga Cecilia Bartoli? Ameneyo ndiye ndimamumva. Akathamanga ndi manoti mpaka umaseka wekha.

AltoWachiwiri
Bartoli ndi wina, ndimamukonda. Chimbale chake cha Vivaldi cha 1999 chinadzutsa nyimbo zimene anthu anaziiwala, ndipo liwiro limene ali nalo Baker analibe. Koma mukufanizira anthu a ntchito zosiyana. Bartoli amakudabwitsa. Mukafuna wofanizira Baker, tengani Christa Ludwig pa Mahler. Ludwig mawu ake ndi onona, odzaza, okulirapo. Baker ndi owala pang'ono, ndipo amakhala ngati akukuuza iweyo wekha. Anthu akhala akukangana za awiriwa zaka zambirimbiri, sitimaliza ife lero.

KwaChipata
Ine wa Ludwig. Das Lied von der Erde ya Klemperer, ndi Fritz Wunderlich tenala. Palibe yoposa.

AltoWachiwiri
Wunderlich ndi amene akukunyengani pamenepo achimwene. Mverani nyimbo yomaliza yokha, Baker ndi Haitink ku Amsterdam, 1975, mubwere tikambirane.

GogoSolfa
Pali chinthu china chimene simunakhudze, ndipo kwa ine ndi chachikulu. Mayiyu sanachokere m'nyumba ya oimba otchuka. Anabadwira ku Hatfield ku Yorkshire mu 1933, anayambira kwaya ya kutchalitchi, n'kumagwira ntchito ku banki. Anapempha kuti amusamutsire ku London kuti azikaphunzira kuimba kwa Helene Isepp akaweruka. Mu 1956 analowa mpikisano wokumbukira Kathleen Ferrier, sanapambane n'komwe, anakhala wachiwiri. Chaka chomwecho analowa kwaya ya ku Glyndebourne, kumaimba kumbuyo ndi anzake. Kuchokera pamenepo mpaka kudzakhala Orfeo pa siteji yomweyo.

Ferrier ameneyo anali alto wokondedwa kwambiri ku Britain, anamwalira ndi khansa mu 1953 ali ndi zaka 41. Anthu ankafuna wolowa m'malo mwake, ndipo ankamukankhira Baker kumeneko, kuti aziimba zozama zokhazokha. Iye anakweza mawu ake pang'onopang'ono kupita kumene anali omasuka. Akanamvera anthu akanakhala chithunzi cha malemu moyo wake wonse.

Ndikunena izi chifukwa m'makwaya mwathu timalakwitsa pomwepa. Mtsikana akalephera noti yam'mwamba tsiku loyamba timati pita ku alto, ngati chilango. Wina wa mawu apakati okoma timamukakamiza sopulano chifukwa asopulano achepa, zaka zitatu mawu aphwa. Sitimufunsa mwana kuti mawu ako amakhala bwino pati.

NaPhiri_Joni
Agogo mwandikhudza. Ine anandiika ku alto chifukwa ndinali wamtali, ndinkatchinga anzanga kutsogolo. Palibe anandiyesa mawu.

AltoWachiwiri
Ine chifukwa ndinkatha kugwira mbali yanga osatengeka ndi asopulano. Ndiye mphoto yake inali kuimba do do do ti do zaka zonse.

Besi_wa_Ndirande
Do do do ti do yo mukaichotsa nyimbo imagwa. Funsani agogo.

TenalaWotopa
Ndaona kuti anasiya opera mu 1982. Anali asanakwane ndi zaka 50 zomwe. Mawu anatha?

MwanaWaPiyano
Sanathe. Anali ndi zaka 48, ndipo anakonza yekha kutsanzika kwake m'nyumba zitatu zimene zinamulera: Alceste ya Gluck ku Covent Garden kumapeto kwa 1981, Mary Stuart ku Coliseum, kenako Orfeo ku Glyndebourne mu Julaye 1982. Analemba buku la chaka chimenecho, Full Circle. Orfeo uja anajambulidwa pa vidiyo, mukhoza kudzionera nokha ngati amenewo ndi mawu otha. Makonsati anapitiriza mpaka 1989, n'kusiya mwakachetechete, popanda konsati yotsanzika. Kenako anakhala chansala wa University of York kuyambira 1991 mpaka 2004.

Mlendo265
Kumeneko ndi kuthawa. Anaona kuti achinyamata akubwera.

GogoSolfa
Akuluakulu anati ukatambatamba uziyang'ana kum'mawa, kungakuchere. Ine ndaona oimba abwino, kuno kwathu komwe, akukakamira maikolofoni mpaka ana kumaseka kumbuyo. Mawu ndi mnofu, amakalamba. Vuto n'loti mwiniwake ndi amene amamva mochedwa.

KwaChipata
Komabe agogo, zaka 48 kwa mezzo ndi msanga. Ludwig anaimba mpaka 1994 ali ndi zaka 66, ndipo sankachititsa manyazi. Ine ndimaona kuti anthu anamanidwa zaka zabwino zingapo. Kusiya msanga nakonso kumathandiza mbiri, chifukwa palibe amene anakumva utatopa. Mwina mbali ina ya matamando amene a Tenala akudabwa nawo ikuchokera pamenepo.

AltoWachiwiri
Mfundo imeneyo ndi yoona pang'ono, koma matamandowo anayamba m'ma 1960, kusiya kusanaganiziridwe. Ndipo opera si kuimba kokha. Ndi kugwada, kugwa, kuthamanga ndi zovala zolemera, masabata osagona kwanu. Mwamuna wake Keith Shelley ndi amene ankamuyendetsera zonse, kumuyendetsa pa galimoto, kusunga mabuku. Munthu akati ndatopa nazo, ndatsala ndi piyano, ine sindingamuweruze.

TenalaWotopa
Chabwino, ndanyengerereka theka. Dido ndamuvomera, Mahler ndimumvera ndikaweruka, usiku uno ndili pa shifiti. Sea Pictures ndikuonabe kuti nyimbo zake zomwezo ndi zimene sizikundikoka, ndakatulo zake zachikale.

MwanaWaPiyano
Pamenepo simuli nokha. Ndakatulo zimenezo anthu akhala akuzinyoza kuyambira kale, imodzi analemba ndi mkazi wa Elgar yemwe. Clara Butt anaziimba koyamba ku Norwich mu 1899. Chimbale cha 1965 chija n'chimene chinazibwezera ulemu. Ngati Elgar mukumufunabe, yesani The Dream of Gerontius ya Barbirolli ya 1964, Baker akuimba mbali ya mngelo. Kumapeto kwake kokha.

GogoSolfa
Ana anga, popeza mwanditsegula mutu, ndili ndi pempho. Pasaka ikubwerayi ndikufuna mtsikana wina wa kwaya yathu aimbe yekha He was despised ya mu Messiah ya Handel, mawu a Yesaya 53 aja. Ali ndi mawu apakati abwino koma amathamanga. Kodi mayi Baker anaijambula? Ndikufuna amve mmene munthu amadikirira.

AltoWachiwiri
Anaijambula agogo, mu Messiah ya Mackerras ya 1966. Koma muchenjere, mukaimba yonse ndi kubwereza komwe imafika mphindi 10 kapena kuposa. Abusa akuyang'anani.

Adimini
Chonde musaponye mafayilo a nyimbo pagulu, tinagwirizana kale. Linki yokha.

Besi_wa_Ndirande
Linki ya mphindi 10 pa bandulo ya agogo? Wina awatumizire mayunitsi kaye.

NaPhiri_Joni
Ndatumiza kale ku inbox. Agogo, mtsikanayo aimbe gawo loyamba lokha, lapakati lothamanga lija kiyibodi ya kutchalitchi siyingalikwanitse.

GogoSolfa
Ndalandira mwana wanga, zikomo. Kiyibodi ingakwanitse, wokayikitsa ndi woliza wake. Ndikamuyesa Lachitatu.